Manambala a lipoti lolemba anthu ntchito sakugwirizana, ndiyambire pati?

Mayi wa RH, Moatize

Moni nonse, achimwene ndi achemwali. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwira ntchito za recursos humanos (RH, gawo loona za ogwira ntchito) ndipo mumalemba anthu kudzera mu sistema ya pakompyuta.

Kampani yathu imagwira ntchito za kontrakiti m'migodi ya malasha kuno ku Moatize. Timalemba oyendetsa makina akuluakulu, amakaniki, ma ajudante (othandizira), ndipo mwa apo ndi apo técnico woona za chitetezo cha pantchito. Likulu lili ku Maputo, ndipo ndi kumeneko kumene amawerenga lipoti la funil de recrutamento (losonyeza anthu otsala pa gawo lililonse polemba ntchito) lomwe sistema imatulutsa pa miyezi itatu iliyonse. La Epulo mpaka Juni latuluka chonchi:

Ofunsira ntchito: 1,240
Odutsa triagem (kusefa koyamba kwa ma CV): 310
Entrevista (kufunsidwa mafunso pamaso): 96
Odutsa entrevista ndi mayeso a ntchito: 41
Opatsidwa proposta (kalata yowapatsa ntchito): 22
Olembedwa: 17

M'munsi mwake muli zinthu zimene zandizunguza mutu. Pali mizere iwiri ya nthawi: tempo de preenchimento (nthawi yodzaza mpando) akuti masiku 71, tempo de contratação (nthawi yolemba munthu) akuti masiku 19. Woona ndi uti? Ndiye pa mwezi wa Meyi, taxa de aceitação (peresenti ya ovomera) ya ma proposta yalembedwa 112%. Anthu angavomere bwanji ntchito kuposa amene tinawapatsa? Komanso pa gawo losonyeza kumene anthu anamvera za ntchito, 64% agwera pa "directo" (obwera mwachindunji), chonsecho tinalengeza pa intaneti, pa wailesi komanso tinamata mapepala.

Mabwana atenga 17 n'kugawa ndi 1,240, apeza 1.4%, ndipo akufunsa chifukwa chake tikutaya anthu chotere komanso chifukwa chake timatha miyezi iwiri ndi theka kuti tidzaze vaga (mpando wopanda munthu) imodzi. Akufuna yankho Lachisanu. Ndikufuna kuwayankha zoona, osati kungodziteteza. Ndiyambire pati?

Bambo wa ku Matundo

Mayi, manambala anuwo sakukangana ayi. Iliyonse ikuyeza chake, kungoti lipoti silinena pamene wotchi yayambira ndi pamene yaimira.

Tempo de preenchimento ndi wotchi ya vaga. Imayamba vaga ikatsegulidwa mu sistema, n'kuima munthu akavomera proposta. Tempo de contratação ndi wotchi ya munthu amene walembedwayo: imayamba tsiku limene iyeyo anatumiza candidatura yake (pempho lake la ntchito). Ndiye masiku 19 akukuuzani kuti munthu woyenera akangolowa pakhomo, mumamumaliza pasanathe masabata atatu. Masiku ambiri a mu 71 amapita iye asanafike: kudikira siginecha, kukonza chilengezo, kudikira tsiku lotsekera, kapena vaga kungokhala osaigwira. Koma musanalembe chilichonse, lowani mu configurações kapena funsani amene anakuikirani sistemayo kuti wotchi ya vaga imayambira pati kwenikweni. Ma sistema ena amayambira pa tsiku limene chefe wa gawo wapempha munthu, ena pa tsiku limene pempholo lavomerezedwa, ena pa tsiku limene chilengezo chatuluka. Pomalizira paponso amasiyana: kwina ndi tsiku lovomera, kwina ndi tsiku loyamba ntchito. Ngati yanu ikuyambira pa pempho la chefe, masiku onse amene pepala linagona pa tebulo ku Maputo awerengedwa pa inu.

Chachiwiri, 71 ameneyo ndi média (avereji), ndipo média imakokedwa ndi vaga imodzi yokha. Taonani chitsanzo. Muli ndi ma vaga 9 amene anatsekedwa pa masiku awa: 18, 22, 25, 27, 31, 34, 40, 52 ndi 390. Mukaphatikiza ndi 639, kugawa ndi 9 mupeza 71 ndendende. Koma mukawandandalika kuyambira wamng'ono, wa pakati ndi 31. Imeneyo ndiye mediana, ndipo ndi imene ikufanana ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku. Wa masiku 390 uja kawirikawiri amakhala vaga ya ma ajudante imene inatsegulidwa chaka chatha n'kusiyidwa yotsegula kuti muzitolerapo anthu, kapena vaga imene kasitomala anaimitsa koma palibe anaiika pa "suspensa". Tsegulani mndandanda wa ma vaga, muwasanje potengera masiku, muone awiri kapena atatu a pamwamba. Ndipo mu lipoti musasakanize makaniki wa makina a hidrawuliki ndi ajudante. Mitundu ya ntchito ilekanitseni, uliwonse ukhale ndi mediana yake.

Za 112% zija n'zosavuta. Sistema ikuwerenga zochitika za m'mwezi, osati anthu. Tinene kuti mu Meyi munatumiza ma proposta 8. Mwa amenewo, 6 anavomera mu Meyi momwemo. Koma panalinso 3 amene munawatumizira kumapeto kwa Epulo, n'kuyankha Meyi atalowa. Sistema yawerenga ovomera 9, yagawa ndi otumizidwa 8, yapeza 112.5%. Zili ngati kutenga matumba a chimanga olowa m'nkhokwe mwezi uno n'kugawa ndi mbewu yobzalidwa mwezi womwewu. Zoona zake za gulu la Meyi ndi 6 mwa 8, kufikira awiri otsalawo atayankha.

Pamenepa ndiye pagona nkhani, chifukwa matenda omwewa ali mu funil yonse. Mwa 17 olembedwawo mwina muli amene anafunsira mu Malichi. Mwa 1,240 muli amene anafunsira pa 28 Juni, amene ngakhale CV yawo sinatsegulidwe. Pamwamba ndi pansi si anthu amodzi.

Kuti mukonze, tulutsani deta yonse ipite mu Excel. Mufunika mizati iyi: nambala ya munthu mu sistema, vaga, tsiku lofunsira, gawo limene ali pano, tsiku limene analowa gawo lililonse, ndi chifukwa chotulukira. Kenako sefani potengera tsiku lofunsira lokha, mwachitsanzo onse a mu Epulo, n'kuwatsatira mpaka kumapeto ngakhale atalembedwa mu Julayi. Pangani tabela dinâmica (tebulo la mu Excel lowerengera lokha): ma vaga m'mizere, magawo m'mizati. Ma sistema ena ali nalo kale batani losankha pakati pa tsiku la candidatura ndi tsiku la chochitika, choncho yang'anani kaye pa zosefera za lipoti. Gulu la Juni musaliweruze pano, silinapse. Ngati munthu amatenga masiku 19 pa avereji, dikirani mwezi wathunthu kapena kuposerapo kuchokera pamene womaliza anafunsira.

Tsono 1.4% ija siyeza luso lanu. Imangosonyeza kuchuluka kwa anthu ofuna ntchito poyerekeza ndi mipando imene ilipo. Mipando ikakhala 20, ngakhale afunsire anthu 5,000 olembedwa sangapitirire 20. Chimene chimathandiza ndi kuwerenga gawo ndi gawo: 1,240 kufika 310 ndi 25%, 310 kufika 96 ndi 31%, 96 kufika 41 ndi 43%, 41 kufika 22 ndi 54%, 22 kufika 17 ndi 77%. Ine pamene ndingayang'anitsitse ndi pa 41 kufika 22. Amenewa ndi anthu oti adutsa mafunso ndi mayeso, mwawonongerapo kale nthawi ya ma supervisor ndi mafuta a makina, ndiye 19 asowa. Ngati mipando inali yochepa ndipo otsalawo mwawasunga, palibe vuto. Ngati mipando ikadalipo, pamenepo pakutayika anthu. Tiuzeni mipando inali ingati.

Achemwali a ku Ulónguè

Bambo a ku Matundo anena bwino za masiku. Ine ndikhudze 1,240 yemweyo, chifukwa m'chigawo chathu chino nambala ya pamwambayi imakonda kufufuma.

Sistema imazindikira munthu ndi imelo kapena nambala ya foni. Munthu mmodzi ali ndi SIM ya Movitel, ina ya Vodacom, ndipo ngati akukhala cha ku malire ku Calómuè kapena Zóbuè angathe kukhalanso ndi ya ku Malawi. Akafunsira katatu ndi manambala atatu, kwa sistema ndi anthu atatu. Dzina nalo silithandiza, popeza pa BI (chiphaso cha unzika) linalembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi pamene mwini wake amalemba m'Chichewa: Muale ndi Mwale, Piri ndi Phiri, Cuenda ndi Kwenda. Palinso vuto lotembenuka. Amene amathandiza anthu kutumiza ma CV pa kompyuta m'tauni nthawi zina amagwiritsa ntchito imelo yawo imodzi kwa anthu khumi, ndiye sistema imawaphatikiza kukhala munthu mmodzi, kapena imakana asanu ndi anayi kuti anafunsira kale. Amenewo mu lipoti saoneka n'komwe.

Mankhwala ake ndi kuika nambala ya BI ngati malo okakamiza pa fomu. NUIT (nambala ya msonkho) imagwiranso ntchito, ili ndi manambala 9, koma achinyamata ambiri ofuna ntchito koyamba amakhala asanaitenge, ndiye mukaikakamiza pachiyambi muwatsekera kunja. Mu Excel, musanachotse obwerezabwereza yambani mwayeretsa mzati wa foni: chotsani +258, mipata ndi timizere, kuti manambala onse akhale ofanana kalembedwe. Ndiye muone kuti lipoti likuwerenga ma candidatura kapena anthu. Munthu mmodzi akafunsira ma vaga anayi, ndi ma candidatura anayi koma ndi mutu umodzi. Mabwana auzeni zonse ziwiri.

Za "directo" 64%. Sistema imadziwa gwero pokhapokha munthu akadina ulalo ali pa tsamba limene limadzizindikiritsa, monga LinkedIn kapena tsamba la ntchito. Koma kuno chilengezo chimayenda pa WhatsApp. Wina wachiona pa Facebook, wakopera ulalo, waponya m'gulu la mpingo kapena la anzake a kusukulu. Onse odina kumeneko sistema imawalemba "directo". Womva pa wailesi n'kulemba yekha adiresi, "directo". CV ya pepala imene inu mwailowetsa pamanja osasankha gwero, "directo". Ndiye 64% sikutanthauza kuti wailesi sinagwire ntchito, ikutanthauza kuti simukudziwa.

Pali njira ziwiri ndipo ndi bwino kuchita zonse. Yoyamba, pangani ulalo wosiyana pa njira iliyonse. Ma sistema ambiri ali ndi malo opangira ulalo wokhala ndi chizindikiro cha gwero kumapeto kwake: wina wa Facebook, wina wa WhatsApp, wina woika pa pepala lomata ngati QR. Chizindikirocho chimayenda ndi ulalowo ngakhale utatumizidwa kwa anthu ena. Yachiwiri, ikani funso pa fomu lakuti "Munamva kuti za ntchitoyi?" lokhala ndi mayankho osankha, osapitirira asanu ndi awiri: wailesi, WhatsApp, Facebook, tsamba la ntchito, INEP (bungwe la boma loona za ntchito), pepala lomata, wogwira ntchito pakampani. Mukasiya malo olemba momasuka, mudzapeza "mnzanga", "amigo", "m'bale wanga", ndipo simudzatha kuwerenga. Funso lomweli likhalenso pa fomu ya pepala.

Ndipo gwero musaliweruze ndi kuchuluka kwa ofunsira. Liweruzeni ndi amene anafika pa entrevista ndi amene analembedwa. Njira yobweretsa 500 n'kutulutsa mmodzi yakupatsani ntchito yosefa basi. Yobweretsa 30 n'kutulutsa 6, monga mndandanda wa omaliza maphunziro ku IFPELAC (sukulu ya boma ya ntchito zamanja) kapena ku Instituto Superior Politécnico de Tete pa ntchito za luso, ndi imene muyenera kuisamala.

Chinanso, tsiku. Ma CV a pepala amaunjikana m'katoni masabata awiri kapena atatu, kenako wina n'kuwalowetsa onse tsiku limodzi. Sistema imaika tsiku lolowetsalo ngati tsiku lofunsira. Zikatero masiku 19 aja amafupika mwabodza, chifukwa munthuyo anayamba kudikira kale. Dindani tsiku lolandirira pa envelopu iliyonse, ndipo polowetsa sinthani tsikulo pamanja.

Mayi wa RH, Moatize

Zikomo kwambiri bambo, zikomo achemwali. Ndatulutsa deta ija. Mipando yonse inali 24, ndiye 7 ikadali yopanda anthu. Vaga yotalika ndaipeza: ndi ya oyendetsa makina imene inaima pamene ntchito ya kasitomala inaimitsidwa, koma mu sistema inakhalabe yotsegula. Nditachotsa obwerezabwereza, anthu atsala 1,015.

Chimene chikundivutabe ndi anthu otuluka. Pafupifupi onse sistema yawalemba "rejeitado" (wokanidwa), kuphatikizapo 19 aja a pakati pa mayeso ndi proposta. Sindikukhulupirira kuti tinawakana onsewo titawadutsitsa tokha. Komanso pa nthawi ya gawo lililonse, triagem ikuonetsa masiku 26 pamene entrevista ikuonetsa tsiku limodzi. Zimenezi ndizimvetse bwanji?

Achimwene a ku Chingodzi

Mayi, ndiyambe ndi masiku 26 ndi tsiku limodzi. Sistema sidziwa tsiku limene entrevista inachitika, imadziwa tsiku limene wina anasuntha dzina. Chimachitika n'chakuti anthu amaimbiridwa foni, amabwera, amafunsidwa, amayesedwa pa makina, zonse zili pa pepala, pamene mu sistema akadali pa triagem. Tsiku lina wolemba amakhala pansi n'kuwasuntha onse: entrevista m'mawa, mayeso masana. Masiku onse agwera pa triagem, magawo enawo aoneka ngati mphezi. Mukafuna umboni, tsegulani histórico (mbiri ya zochitika mu sistema) ya anthu khumi osankhidwa mwachisawawa muone nthawi. Mukapeza kuti anasunthidwa magawo atatu mkati mwa mphindi zisanu, nambala ya nthawi ya gawo musaiike mu lipoti la ulendo uno. Lembani kuti siinajambulidwe bwino. Kuyambira pano lamulo likhale limodzi: dzina lisunthidwe tsiku lomwelo limene chinthucho chachitika, ndipo amene wachititsa entrevista ndi amene asunthe.

Chachiwiri, 96 ija ndi ndani? Oitanidwa kapena ofika? Ma sistema ambiri amabwera ndi gawo limodzi la entrevista, ndipo munthu amalowamo akangoikidwa pa ndandanda. Ngati mwa 96 anafika 60 okha, ndiye odutsa ndi 41 mwa 60, kapena 68%, osati 43%. Nkhani yasinthiratu: vuto si lakuti anthu ndi osadziwa ntchito, vuto ndi lakuti 36 sanafike. Gawoli ligaweni pawiri, "convocado" (woitanidwa) ndi "compareceu" (wafika).

Osafikawo ali ndi zifukwa zodziwika. Kuchokera ku Tete kubwera ku Moatize ndi makilomita pafupifupi 20, munthu angathe kuitanidwa lero n'kubwera mawa. Wa ku Furancungo, Tsangano, Fingoè kapena Mutarara afunika kupeza ndalama ya chapa (minibasi), malo ogona, ndipo ena foni imagwira akakwera pachitunda. Mukamuimbira kamodzi nthawi ya 10 m'mawa ali kumunda, n'kulemba kuti sakupezeka, mwamutaya. Ikani mzati wa boma lochokera, muwerenge osafika boma ndi boma. Mukaona kuti akuchuluka kwa akutali, konzani kaitanidwe: masiku osachepera anayi kapena asanu, foni katatu pa masiku osiyana ndi maola osiyana, limodzi likhale madzulo, komanso SMS yonena tsiku, ola, malo ndi zikalata zobweretsa. Pa fomu pakhale nambala yachiwiri ya wachibale. Ndipo entrevista ndi mayeso a makina zichitike tsiku limodzi, kuti munthu asalipire ulendo kawiri. Nthawi ya mvula osafika amachuluka, ndiye musayerekeze Januwale ndi Juni ngati zofanana.

Tsono "rejeitado". Limeneli ndi batani limene lili pafupi, ndiye aliyense amalidina. Koma pali magulu atatu osiyana kwambiri: amene kampani yawakana, amene asiya okha, ndi amene sanapezeke. Kwa oyambawo mumakonza chilengezo ndi kasefedwe. Kwa achiwiriwo mumakonza malipiro kapena liwiro. Kwa achitatuwo mumakonza kaimbidwe ka foni. Mukawaunjika pamodzi simudziwa chokonza. Pangani mndandanda waufupi wa zifukwa, wokakamiza, dzina lisatuluke popanda kusankhapo: alibe zoyenereza, walephera entrevista, walephera mayeso, inapto (sanadutse kuchipatala), zikalata sizinakwane, sanafike, sakupezeka pa foni, wapeza ntchito kwina, wakana malipiro, wakana malo kapena ma turno (mashifiti), wasungidwa. Chifukwa cha "outro" (china) chikapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi, mndandandawo ukusowa china.

Anthu 19 ajawo ndi ochepa, aimbireni mmodzimmodzi sabata ino. Pakati pa mayeso ndi proposta pa ntchito za mgodi pamakhala zinthu zitatu zodya masiku: kupimidwa kuchipatala, zikalata monga registo criminal (kalata yosonyeza mbiri ya milandu) ndi ma certificado otsimikizidwa, ndi chivomerezo cha malipiro kuchokera ku likulu. Zonsezi zikakhala m'gawo limodzi simungadziwe ndani akuchedwetsa. Zilekanitseni, ndipo gawo lililonse likhale ndi mwini wake: chipatala, munthu wofunsirayo, kapena Maputo. Woyendetsa escavadora wodziwa ntchito sadikira masabata atatu, makampani ena a kontrakiti ali pomwepa ndipo akufuna munthu yemweyo. Mndandanda wa zikalata muziupereka tsiku loitanira ku entrevista kuti ayambiretu kuzifuna, osati atadutsa kale.

Pa zachipatala samalani. Mu sistema mulembe apto kapena inapto basi, matenda a munthu asalowemo, ngakhale pa malo a ndemanga. Ndipo malamulo a dziko lino salola kuyeza HIV ngati njira yolembera ntchito.

Ndionjezere chimodzi chimene lipoti silionetsa koma histórico imaonetsa. Tonse tikudziwa kuti kuno anthu amabedwa ndalama powalonjeza ma vaga, ndipo amene amalira ndi achinyamata oti makolo agulitsa mbuzi. Mwezi uliwonse yang'anani mayina amene analowa mu sistema vaga itatsekedwa kale, amene analumpha triagem, ndi amene analowetsedwa komanso kudutsitsidwa ndi akaunti imodzi. Si onse amene ali ndi mlandu, ena ndi obwerera amene anagwirapo kale ntchito. Koma aliyense akhale ndi chifukwa cholembedwa. Kuti izi zitheke, aliyense akhale ndi akaunti yake, osabwerekana mawu achinsinsi.

Bambo wa ku Songo

Ndikugwirizana ndi zambiri, koma ndili ndi nkhawa ndi mmene mabwana amachitira akangophunzira nambala ya masiku. Amaisandutsa chandamale, n'kunena kuti pofika Disembala mutsike pa 30. Njira yosavuta yotsitsira masiku ndi kutenga oyamba kufika, amene amakhala a m'tauni okhala ndi intaneti, kapena kutseka vaga n'kutsegula yatsopano kuti wotchi iyambirenso. Nambala imakongola, ntchito osasintha. Ndiye pambali pa masiku ikani nambala ina: mwa olembedwa, ndi angati akadali pantchito nthawi yoyesedwa itatha. Sistema yolembera anthu imathera pa tsiku lolowa, choncho nambalayi muitenge ku folha de salários (mndandanda wa malipiro), polumikiza ndi nambala ya BI. Kutalika kwa nthawi yoyesedwa kumatengera mtundu wa kontrakiti ndi udindo, ndipo muone mu Lei do Trabalho (lamulo la ntchito) yatsopano, Lei 13/2023, osati yakale ya 2007. Onaninso kuti "admitido" (wolembedwa) mu sistema yanu ndi wovomera kapena woti wafikadi tsiku loyamba. Pakati pa ziwirizi pamatayikanso anthu.

Pa 77% ya ovomera, kumbukirani kuti anthu ndi 22 okha. Munthu mmodzi ndi mapointi 4.5. Awiri akasintha maganizo mwachoka pa 77 kufika pa 68 kapena 86. Pa manambala ang'onoang'ono otere lembani "17 mwa 22", ndipo muziyerekeza miyezi isanu ndi umodzi, osati mwezi ndi mwezi.

Ngati lipoti lanu lili ndi gawo la anthu a m'deralo, lisamaleninso. Anthu amadziwa kuti makampani a mgodi amayang'ana a ku Moatize, ndiye ambiri amalemba adiresi ya wachibale. Peresenti imakwera, pamene achinyamata a ku Cateme kapena Mualadzi, midzi ya m'boma la Moatize lomwelo, sanalowe n'komwe mu funil chifukwa fomu inali pa intaneti yokha. Lekanitsani malo obadwira ndi malo okhala, ndipo pa olembedwa tsimikizani ndi declaração ya ku bairro (kalata yotsimikiza kumene munthu amakhala). Chimodzimodzi amayi: awerengeni pa gawo lililonse. Mukaona kuti akuthera pa triagem, tsegulani mafunso amene sistema imakanira anthu yokha. Funso la zaka zisanu za luso kapena chiphaso choyendetsera magalimoto olemera likaikidwa pa vaga imene silikufunika, limachotsa anthu munthu wamoyo asanaone CV yawo.

Za Lachisanu, tsamba limodzi likwana. Pamwamba: mipando 24, yodzazidwa 17, yotsala 7 ndi mayina a ntchitozo. Kenako funil ya gulu la Epulo ndi Meyi, ya anthu osabwerezedwa, yogawidwa pa mtundu wa ntchito. Mediana ya masiku ikhale pambali pa média, ndipo vaga yoimitsidwa ija muitchule payokha ndi tsiku limene inaima. Pansi pake lembani zimene 19 aja akuyankhani pa foni, ndi masiku amene fayilo iliyonse inadikira chivomerezo ku Maputo, kuchokera pa imelo yotumiza mpaka imelo yoyankha. Amene mwa 19 aja anene kuti akufunabe ntchito, onani ngati akugwera pa mipando 7 yotsalayo, ndipo pemphani chivomerezo chawo pa msonkhano womwewo.